Mlandu wa Mpala

Wometa wa pakona pa msewu wathu anali atatha milungu isanu mpopi wa m'shopu mwake uli wouma gwa, ndipo anali atalemba makalata anayi odandaula ku ofesi ya zamadzi ya mzinda. Ndiye m'mawa wina atangolowa bambo wovala tayi, chikwama m'khwapa, chiphaso cha ofesi yomweyo chikulendewera pachifuwa, mkuluyo anaponya tsache pansi n'kuyamba kuomba m'manja.

"Ehe! Mwafika! Ndimadziwa ine kuti tsiku lina mudzafika. Lowani, bwana, lowani. Wodwala wanu ndi uyu apa," anatero akuloza mpopi wa pabeseni lotsukira mitu.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anafunsa mlendoyo.

"Ndadzuka, koma sindinasambe. Kaya inu?"

"Ine ndasamba."

"Zikuoneka. Khalani pampandopa."

Mlendoyo anauyang'ana mpando wometerawo, wachikopa chong'ambika pakati. "Mpandowu ndi wanu?"

"Ndi wanga. Zaka makumi awiri ndi zitatu."

"Ndiye ndiimirira. Sitiloledwa kulandira kanthu kwa munthu amene tabwera kudzamufunsa mafunso."

"Sindikukupatsani kuti mupite nawo, bwana. Ndikuti muukhalire."

"Ndiimirira." Anatsegula chikwama n'kutulutsa fomu ya masamba atatu. "Ine ndine wofufuza. Ndachokera ku nthambi yoona za khalidwe."

"Mwachita bwino! Khalidwe la mpopi uwu lafika poipa. Tamverani." Wometa anapotokola mpopi. Unangoti fyoo, kenako n'kutsokomola kawiri. "Mwamva? Ukutsokomola. Lolemba unaimba mluzu. Madzi okha ndi amene sukufuna."

"Khalidwe la ogwira ntchito, bambo, osati la mipopi."

"Nanga uwu ukugwira ntchito?"

"Ine sindinabwerere mpopi. Ndabwerera kalata."

"Iti? Ndinalemba anayi. Yachitatu ija ndiye ndinaikamo mawu owawa pang'ono, mundikhululukire, tsiku limenelo mayi a kunyumba anali atagwa ndi ndowa."

"Si yanu. Iyi ilibe dzina."

"Ilibe dzina, koma mwaiyankha?"

"Inafika Lachinayi."

"Lachinayi lapitali? Anga anayi, okhala ndi dzina, nambala ya nyumba, mpaka chidindo cha shopu, ali kuti?"

"Amenewo ali ku nthambi ya madandaulo."

"Akutani kumeneko?"

"Analandiridwa."

"Analandiridwa," anabwereza wometa akugwedeza mutu. "Ndiye bola. Ndimaopa kuti mwina akugona panja."

Wofufuza anakonza magalasi ake n'kuwerenga. "Kalatayi ikuti Lachiwiri la milungu iwiri yapitayo, m'modzi mwa okonza mapaipi athu analandira mphatso m'nyumba muno."

"Mukunena a Mapaipi? Aatali aja, amene amayenda ndi sipanala m'thumba lakumbuyo?"

"M'kalatamu anangolemba nambala yawo ya ntchito."

"Ndi omwewo. Palibenso wina wa ofesi yanu amene anapondapo muno chiyambire vutoli. Inu ndinu wachiwiri."

"Funso loyamba. Kodi munawapatsa kanthu?"

"Ayi."

"Kalatayi ikuti munawameta."

"Ndinawameta. Mpala. Woyera bwino, ntchentche ikatera imaterereka."

"Ndiye munawapatsa."

"Ndinawapatsa chiyani?"

"Mpala."

"Aa, bwana! Mpala anali nawo kale. Unali pansi pa tsitsi. Ine ndinangouvundukula."

Wofufuza anaima kaye, cholembera m'mwamba. "Fomuyi ikufunsa kuti: kodi wogwira ntchitoyo anatuluka ndi chinthu chimene sanalowe nacho?"

"Anatuluka ndi mutu womwe analowa nawo. Wopepukirako."

"Ndiye kuti anasiya kanthu muno?"

"Tsitsi."

"Lochuluka bwanji?"

"Munthu anali atatha miyezi itatu osameta. Linadzaza fosholo."

"Ndiye inuyo ndi amene munalandira?"

"Tingatero."

"Mmm." Wofufuza anatembenuza tsamba, n'kubwereranso. "Palibe bokosi la zimenezo. Fomu ya nzika imene yalandira katundu kwa wogwira ntchito ndi ina, yachikasu. Sindinabwere nayo."

"Musavutike. Ine ndikufuna madzi."

"Tisasakanize nkhani, bambo. Lamulo lathu likuti mphatso iliyonse iyenera kubwezedwa kwa mwini wake, apo ayi ikasungidwe ku ofesi m'kabati yokhoma."

"Mukufuna akandibwezere kumetako?"

"Lamulo likutero."

"Abwere adzandimete ineyo?" Wometa anavula chipewa. Pamutu pake panali pong'anima ngati mbale yotsuka. "Achedwa ndi zaka khumi."

"Ndiye zitsala kukasungidwa ku ofesi."

"Mukawatsekere m'kabati a Mapaipi? Sakwanamo, ndi aatali."

"Tsitsi lija lili kuti?"

"M'thumba ilo kuseri kwa chitseko. A zinyalala nawonso sanabwere."

Wofufuza anasuzumira m'thumbamo, n'kubweza mutu msanga. "Lawo ndi liti?"

"Lakuda."

"Lonse ndi lakuda."

"Laimvilo ndi la aphunzitsi ena opuma pantchito. Yambani kuchotsa limenelo, ntchito ichepa."

"Ndilemba kuti umboni unasakanizidwa."

"Lembani. Lembaninso kuti tsitsi lawo linayamba kale kumera. Ndinawaona dzana, mutu wadanso bii."

"Lameranso?" Wofufuza anakweza nsidze. "Popanda kudziwitsa ofesi?"

"Sindikudziwa ngati linalemba kalata."

"Munthu amene akufufuzidwa saloledwa kusintha maonekedwe a umboni." Analemba mofulumira. "Izi ziwaipira."

"Iyayi, bwana, fufutani! Mukufuna aziligwira ndi manja kuti lisamere?"

"Ine ndimalemba zimene ndauzidwa. Funso lachiwiri. N'chifukwa chiyani simunawalipiritse?"

"Chifukwa shopu ino ndi yotseka."

Wofufuza anayang'ana chitseko. Chinali chotsegula, chochirikizidwa ndi njerwa. "Ndi yotsegula."

"Chitseko n'chotsegula. Shopu ndi yotseka. Werengani apo." Pakhoma, pambali pa galasi, panali pepala lomatidwa ndi chidindo chofiira. "A zaumoyo, anzanu a khonsolo yomweyo, anabwera mlungu wachiwiri. Akuti malo ometera opanda madzi a mumpopi ndi oopsa kwa anthu. Akuti ndikangolipiritsa munthu ngakhale m'modzi madzi asanabwere komanso iwo asanadzayendere, andilanda chiphaso."

"Ndiye anachita bwino."

"Ndinawauza kuti madziwo ndi inu mwatseka. Anati iyo ndi nthambi ina."

"Ananena zoona."

"Inu anthu muli ndi nthambi zambiri. Thunthu lake lili kuti? Ndikufuna ndikalankhule ndi thunthu."

"Lili kumsonkhano." Wofufuza anabwerera pafomu. "Ngati shopu ndi yotseka, ndiye kuti muno simumetedwa anthu."

"Simumetedwa."

"Nanga wogwira ntchito wathu anametedwera kuti?"

"Pampando uwo."

"Umene uli m'shopu yotseka."

"Eya."

"Ndiye kuti pa pepala sanametedwe."

"Pa pepala ayi. Pamutu."

Wofufuza anavula magalasi, anawapukuta ndi nsonga ya tayi, n'kuwavalanso. "Bambo, mukundivutitsa. Tiyeni funso lachitatu. Iwo anakuchitirani chiyani posinthana ndi mphatsoyo?"

"Panalibe kusinthana. Tamverani bwino, chifukwa apa ndi pamene pali nkhani. Munthu uja tsiku limenelo sanali pa ntchito. Ankadutsa, akupita kukaona mlongo wake. Anaona amayi a mumsewu muno ali pamzere ndi zidebe pa chitsime cha kuseri kwa garaja, chamadzi onunkha mafuta chija. Anaima. Anafunsa. Kenako anabwera apa panja, anavundukula chivundikiro chachitsulo chili m'mphepete mwa msewucho, anasuzumira, n'kunena kuti, 'Akulu, paipi yanu ilibe vuto. Munthu anatseka valavu.' Chotsekera madzi chachikulu chija. Anaikapo sipanala, kupotokola kanayi, basi madzi phwaa! Msewu wonse unasamba tsiku limenelo. Agalu omwe."

"Anali ndi chikalata cholamula ntchitoyo?"

"Anali ndi sipanala."

"Ndilemba kuti analibe."

"Atamaliza, thukuta lili kamukamu, tsitsi lodzaza dothi la m'dzenjemo, ine n'kuti, achimwene, simungapite kwa mlongo wanu chonchi, akakuyesani mwathawa kuchipatala. Khalani apa. Ndi zokhazo."

"Ndiye anayamba ndi madzi, kumeta pambuyo?"

"Eya."

"Kukanakhala kumeta kaye, madzi pambuyo, chikanakhala chiphuphu."

"Mwaona!"

"Koma popeza anayamba ndi madzi, ndi chiphuphu chochedwa. Chili ndi bokosi lake, ili apa."

Wometa anagwira m'chiuno. "Inu bwana, amayi anu akakupatsani madzi akumwa mukafika kwawo, mumalemba?"

"Mayi anga sakhala m'dera la mzinda uno."

"Hii! Chabwino. Funsani tsono kuti madziwo ali kuti lero."

"Funso limenelo mulibe."

"Ndiyankha ndekha. Anakhala masiku atatu. Lachisanu m'mawa kunabwera galimoto ya ofesi yanu, anthu atatu. Anatsekanso valavu ija, n'kupaka utoto pachivundikiro, akuti: osakhudza, kupatula ogwira ntchito ku ofesi ya zamadzi. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati madzi akuchepa kumtunda. Kumtunda kuli chiyani, bwana? Imani pakhomopa muone."

"Ndikuona zikwangwani."

"Pansi pa zikwangwanizo. Malo otsukira galimoto, atsopano, mapaipi asanu ndi imodzi akupopera tsiku lonse. Thovu lake limatsetsereka mumsewu muno kudzatidutsa ife pakhomo. Mwini wake ndi mlamu wawo wa bwana wamkulu wa ofesi yanu. Msewu wonse ukudziwa. Ndipo kalata yanu yopanda dzinayo, mukainunkhiza bwinobwino, ikununkha sopo wa galimoto."

Wofufuza anainunkhiza kalatayo. "Ikununkha envelopu."

"Lembani za valavu."

"Palibe bokosi la valavu."

"Lembani m'mphepete."

"M'mphepete analembamo kuti musalembe m'mphepete."

"Kuseri?"

"Kuseri ndi kwa ofesi yokha."

"Inu si ofesi?"

"Ndine nthambi." Wofufuza anatambasula fomu pa shelefu ya zipeso. "Sainani apa, kuti mukuvomereza kuti munapereka mphatso."

"Ndikasaina chichitike n'chiyani?"

"Panopa wogwira ntchitoyo anaimitsidwa. Komiti ikumana Lachisanu. Bokosi ili likakhala lochongedwa, ntchito yawathera."

Wometa anatola chipeso, n'kuchibwezera pomwe chinali. "Munthu uja ali ndi ana anayi. Wamkulu akulemba mayeso chaka chino. Mu ofesi yanu yonse ija, ya nsanjika zitatu, ndi yekhayo amene anawerama n'kusuzumira m'dzenje. Ndiye mukufuna dzanja langa ili limuchotse ntchito? Sindisaina."

"Mukakana, pali bokosi la wokana kusaina."

"Chongani limenelo."

"Limafunika musaine kuti mwakana."

"Ndakananso."

"Ndiye sindingachoke."

"Ndiye mukhala. Bola mudziwe kuti kuchimbudzi kulibe madzi."

Anayang'anana. Panja panadutsa mayi wina atasenza chidebe, khosi lili pendapenda. Mpopi unatsokomola wokha.

Wofufuza anatsegula tsamba lomaliza, n'kuliwerenga milomo ikugwedera. Nkhope yake inawala. "Pali njira. Ndime yachisanu ndi chinayi. Ngati mboni ikukana kuti chinthucho chinali mphatso, wofufuza aone yekha mmene zinachitikira, kuti ayeze kukula kwa chinthucho."

"Mufuna ndikufotokozereninso?"

"Ayi. Akuti aone. Mundionetse."

"Pa mutu wa ndani? Makasitomala anga onse anathawira kwa wometa wa kumtunda."

"Ine ndikhala m'malo mwa wogwira ntchitoyo." Anaika chikwama pansi n'kukhala pampando uja.

"Si inu munakana mpandowu?"

"Nthawi ija unali mpando. Panopa ndi malo a umboni."

"Ndingoyerekeza ndi manja, kapena?"

"Ndimeyi ikuti: ndendende mmene zinachitikira, osachotsa kapena kuwonjezera kanthu."

"Osachotsa kanthu? Bwana, kumeta ndi kuchotsa."

"Osachotsa kanthu pa zochitikazo. Yambani. Ine ndiziwerenga mphindi." Anavula wotchi n'kuiika pabondo, pamwamba pa fomu.

"Ndendende?"

"Ndendende, bambo. Musandibisire kalikonse."

Wometa anakweza mapewa. Anakutumula nsalu, anamukulunga nayo m'khosi, n'kumuvula magalasi.

"Magalasi anga!"

"A Mapaipi savala magalasi."

"Zoona. Pitirizani. Munayamba ndi chiyani?"

"Ndinawafunsa za mlongo wawo. Mlongo wanu ali bwanji?"

"Ndilibe mlongo."

"Pepani. Iwo anati ali bwino. Kenako ndinati weramani." Anamukankha mutu pang'ono, n'kuyatsa makina. Makinawo analira, n'kuyenda kuchokera pakhutu lamanzere mpaka pakati pa mutu.

"Akunjenjemera ngati enieni," anatero wofufuza, mphuno ili pafupi ndi wotchi. "Mphindi imodzi. Ankalankhula chiyani panthawiyi?"

"Ankati ku ofesi kwanu anthu amadziwa za valavuyi, koma aliyense akuopa."

"Zimenezo si za mphatso. Mphindi ziwiri. Bwanji kukuzizira mbali imodzi?"

"Chitseko n'chotsegula."

"Nanga izi zikugwera pafomuzi n'chiyani?"

"Umboni."

Wofufuza anatola kamtolo ka tsitsi, anakayandikitsa kumaso, n'kudzigwira kumutu. Dzanja linaterereka. "Mayo! Mwandimeta!"

"Theka lokha. Musagwedezeke, makinawa amaluma."

"Ndinati mundionetse!"

"Munati ndendende. Ndinakufunsani kawiri."

Wofufuza anayang'ananso pafomu. "Munandifunsa kawiri," anavomera mofooka. "Zili m'ndime. Ndiye imani pomwepo, ndaona zokwanira."

"Mwaona theka. Mukayeza bwanji kukula kwa mphatso ndi theka? Komanso sitinafike pa sopo."

"Panalinso sopo?"

"Mpala weniweni umamalizidwa ndi lezala. Mbali imene makina adutsa timaipaka thovu nthawi yomweyo khungu lisanaume. Kapena ndichotse zimenezo pa zochitikazo?"

"Ndime ikuti osachotsa."

Wometa anatenga kabotolo kamene kanali ndi madzi otsala pang'ono pansi, anawatsanulira onse m'kapu, anatakasa sopo ndi burashi mpaka thovu linatutumuka, n'kuyamba kumupaka kuchokera pakhutu kukwera. Thovu lina linatsetsereka pachipumi.

"Likulowa m'maso."

"Tsinzinani. A Mapaipi anatsinzina."

"Lalowa kale! Likuwawa! Bambo, sopo wanji ameneyu?"

"Wochapira zovala. Wometera weniweni ndinasiya kugula, ndigulira ndani?"

"Aaa! Madzi! Ndipatseni madzi!"

"Ati?"

"Alionse! Tsegulani mpopi!"

Wometa anatsegula. Mpopi unati fyoo, n'kuimba kamluzu.

"Mwamva? Lero ndi mluzu."

"M'botolo muja!"

"Ndi omwe ali pamutu panuwo. Anali akumwa anga a tsiku lonse."

Wofufuza anadzuka, maso ali tsinzi, manja akupapasa m'mwamba, nsalu ikukwekwereka. Anagunda shelefu, zipeso n'kumwazika. Anadzipukuta ndi tayi, thovu n'kulowerera. "Nanga wogwira ntchito uja munamutsuka ndi chiyani?"

"Ndi madzi a mumpopi. Paja iye anayamba watsegula valavu. Inu mwayambira pakati."

"Kwa aneba! Pemphani kwa aneba!"

"Telala alibe. Wogulitsa mankhwala alibe. Msewu wonse, nyumba makumi anayi. Kuli a pa garaja aja, koma muli mafuta a injini. Apo ayi mukwere kumtunda, mukaime pamzere ndi galimoto, akakupoperani."

"Chonchi? Ndi mutu uwu?"

"Mwina akakuchotserani mtengo, ndinu wamng'ono kuposa minibasi."

"Bambo, maso anga akupsa! Valavu ija ili kuti?"

"Panja pomwepa, masitepe asanu. Sipanala ndinabwereka kwa wokonza njinga, ili pansi pa beseni milungu iwiri tsopano. Ndimangoiyang'ana."

"Katsegulenitu!"

"Ine? Analemba kuti osakhudza, kupatula ogwira ntchito ku ofesi ya zamadzi. Ine ndine wometa. Wotsekedwa."

Wofufuza anaima chilili, misozi ikutsika m'thovu. "Analemba kuti chiyani? Bwerezani mawu ake enieni."

"Osakhudza, kupatula ogwira ntchito ku ofesi ya zamadzi."

"Sanatchule nthambi?"

"Sanatchule."

"Sanatchule chikalata?"

"Chivundikirocho n'chaching'ono, utoto sukanakwana."

Wofufuza anapapasa pachifuwa pake mpaka anagwira chiphaso chija. "Ine ndimagwira ntchito ku ofesi ya zamadzi. Zaka khumi ndi chimodzi. Ndigwireni dzanja."

Anatuluka chogwirana, wometa patsogolo ndi sipanala, wofufuza pambuyo, nsalu m'khosi, theka la mutu loyera ndi thovu, theka lina lopesedwa bwino. Telala anasiya makina ake n'kuima pakhomo. Amayi a zidebe anatula pansi. Wofufuza anagwada m'fumbi ndi thalauza lake lositidwa, analowetsa mkono m'dzenje, wometa akumuuza kuti, "Kumanzere, bwana. Kumanzere kwanu, osati kwa ofesi."

"Yalimba!"

"Anaimanga anthu atatu. Kokani ndi mtima wonse."

"Kangati?"

"Kanayi."

"Kamodzi. Kawiri. Mayo, msana! Katatu."

Pansi pa msewu panamveka kugunda, ngati wina akugubuduza mgolo. M'shopu muja mpopi unatsokomola, unalavula dothi lofiira, kenako phwaa! Kunyumba ina kunamveka nthungululu, kwina mwana akukuwa kuti abweretse beseni. Amayi aja anakhuthulira madzi a mafuta aja m'ngalande n'kuthamangira m'makomo mwawo.

Wofufuza anaika mutu wonse pansi pa mpopi kwa nthawi yaitali. Atadzuka, maso ali psuu, anavala magalasi, anayang'ana madzi akutsika m'beseni, n'kuyang'ana kumtunda kudzera pakhomo. Mapaipi a otsuka galimoto aja anali atafooka, akungodontha, ndipo munthu wina wa malaya oyera anali ataima pakati pa msewu foni ili kukhutu.

"Paipi inalibe vuto," anatero wofufuza pang'onopang'ono.

"Ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa."

"Inu munanena. Koma panopa ndaona. Zimene wofufuza waona yekha zimalembedwa pa tsamba loonjezera, ndipo tsamba limenelo lilibe mabokosi." Anatola fomu pansi, anaikutumula tsitsi, n'kusolola pepala loyera m'chikwama. Analemba ataimirira, madzi akudontha kuchokera kuchibwano. "Valavu inapezeka yotsekedwa popanda chifukwa cholembedwa. Nyumba makumi anayi. Milungu isanu. Komiti ifunse amene analamula, ndipo ifunsenso za ubale wake ndi mwini malo otsukira galimoto."

"Akakudyani amoyo ku ofesi."

"Tsambali limapita makope atatu, limodzi kwa oyendera mabuku a khonsolo. Likangodindidwa silingachotsedwe. Ndi ndime yakhumi ndi chiwiri."

"Nanga a Mapaipi?"

Wofufuza anadzigwira mbali yometedwa ija, n'kuganiza. "Ndayeza ndekha. Munthu amatuluka ndi zochepa kuposa zimene analowa nazo, ndipo zimawawa. Chinthu chotere sichingatchedwe mphatso." Anachonga bokosi lina. "Palibe mlandu. Apa simufunika kusaina."

Wometa anamugwira dzanja ndi manja awiri n'kuligwedeza mpaka cholembera chinagwa. "Bwana, ndinakuyesani fomu yoyenda ndi miyendo. Pepani. Muli munthu."

"Zikomo, bambo." Wofufuza anatembenukira pagalasi koyamba, n'kudzidzimuka. Kumanzere kunali mbee, kumanja tsitsi lili ndi mzere wake wa chipeso. Anakhala pampando msangamsanga n'kudzikulunga yekha nsalu. "Malizitsani mbali inayi. Ndili ndi msonkhano ndi bwana wamkulu thuu koloko."

Wometa anatola makina, anawayang'ana, anayang'ana mpopi umene unali kuthirabe, n'kuwabwezera pa shelefu.

"Bwanji?"

"Kufufuza kwatha?"

"Kwatha."

"Ndiye uwu wabwereranso kukhala mpando."

"Ndilipira, bambo!"

"Shopu ndi yotseka mpaka a zaumoyo adzayendere. Ndi nthambi ina."

"Ndiye ingondimetani chabe, mwaulere! Mphindi ziwiri zokha!"

Wometa anamuvula nsalu ija mwaulemu, anaipinda bwinobwino, n'kumupatsa chikwama chake.

"Iyayi, bwana. Inu mwangonditsegulira madzi kumene, msewu wonse ukuona. Ndikakumetani panopa, chimenecho ndiye chiphuphu."